Mulungu Atipale

Lolemba

Zatheka! A Fada avomera!

Lamulungu likubwerali ndi Misa yomaliza ya Atate anga ondibereka, a Mwale, kuno ku Chifubu. M'mawa mwake akukwera basi ya ku Katete, kukakhala m'nyumba imene akhala akuimanga pang'onopang'ono chipumireni ntchito ya mumgodi ku Kitwe. Akuti fumbi la m'tauni lawakwana, akufuna fumbi la kwawo.

Ndiye ine ndili ndi mphatso yotsanzikana nawo. Nyimbo. Ya Chinyanja. Yopeka ndekha!

Atate anabwera kuno ku Kopala, dera la migodi, ali mnyamata, ndipo kuchokera pamenepo Misa zawo zonse ndi za Chibemba. Ukwati wawo Chibemba, ubatizo wanga Chibemba, maliro a Amayi Chibemba. Munthu wanyamula mabenchi a tchalitchi, wakhoma malata ake, koma sanamveko chilankhulo cha mayi wake chikuimbidwa patsogolo pa guwa. Zimandiwawa zimenezi, ndipo sindikufuna kuti achoke asanamve.

Mwayi wake a Fada athu ndi atsopano, achinyamata, oyenda ngati achedwa kwinakwake. Chibwerereni akungolimbikira kuti mphakati uliwonse, timagulu tathu topemphera m'makomo tija, uzibwera ndi zakezake ku Misa. "Tchalitchi ndi inu, bweretsani zanu." Atate amawakonda. Amati iwo ali mwana, wansembe ankafulatira anthu nkumalankhula Chilatini ndi khoma, ng'oma inkatsala panja ngati galu, koma lero ng'oma ili kutsogolo kwenikweni, yangotsala kulembetsa ubatizo.

Pulani yanga:
- ndime zinayi ndi kolasi
- kiyibodi ya alongo anga a Fidelisi a ku Bulangililo
- atsikana ovina aja, atavala zoyera
- amayi a mphakati wathu, chitenje chofanana
- CHINSINSI. Atate asadziwe mpaka nyimbo itayamba

Kolasi yake ikuti, "Mulungu atidalitse, popita ndi pobwera." Ndakhala ndikuing'ung'udza tsiku lonse kusitolo kwathu kwa penti, mpaka kasitomala wina wandifunsa ngati dzino likundiwawa.

Mawu akuti "atidalitse" ndawaika dala. Abemba kudalitsa amati kupala, ndipo Misa ikamatha wansembe amati, "Lesa amupale," ndiye kuti Mulungu akudalitseni. Atate amasimba kuti tsiku loyamba kumva zimenezi anachita mantha, nkumadzifunsa kuti alakwa chiyani kuti Mulungu awapale ngati nsomba. Ndiye Lamulungu lililonse akangofika pakhomo amavula chipewa nkunena kuti, "Tapalidwa!" Kenako amaseka okha. Nthabwala imeneyi ndaimva chibadwire changa, yandifika m'khosi. Ulendo uno adalitsidwe bwinobwino ngati anthu ena onse.

Lachiwiri

Pulakitisi yoyamba, ndikuchokera kuntchito.

Mkulu wa kwaya ndi Bana Chanda, Mbemba weniweni, wogulitsa nsomba pamsika, mawu ake omveka mpaka kusiteji ya minibasi. Iwo ndi Atate ndi pachimbuya, chinyozano chamasewera chija cha Abemba ndi ife akum'mawa, choti wokwiya ndiye wagonja. Akakumana pakhomo la tchalitchi moni wawo ndi mbewa ndi anyani basi: iwo amati ife timadya mbewa, ife timati iwo amadya anyani.

Ayang'ana pepala langa, ayang'ana ine. "Nyimbo ya odya mbewa? Tizaimba, mwaice. Koma ku chopereka musatiletele mbewa." Yankho lake ndikulidziwa, lili pamlomo penipeni, anyani! Ndameza. Kwaya ndi yawo.

Mavuto a lero:

Loyamba, mayi wina wa alito wakweza dzanja. "Nomba mulungu ni wiki. Tikupempha wiki itidalise?" Pa Chibemba mulungu ndi sabata! Akufuna tiikepo Lesa. Ndakana kwamtuwagalu. Ndawauza kuti tikachotsa Mulungu ndiye kuti nyimbo yonse yabatizidwanso. Bana Chanda agamula kuti Mulungu akhale, popeza Mwini wake akudzidziwa. Ndapambana!

Lachiwiri, ndime yachinayi yadulidwa. Akuti Misa yathu ikatalika anthu a Misa ya Chingerezi amayamba kusuzumira m'mawindo ndi mawotchi awo. Inali ndime yonena za mapiri a kwathu, imene ndinaikonda kwambiri, ngakhale mapiriwo ndinangowaona kawiri ndili pawindo la basi.

Lachitatu, maimbidwe. Ine ndinapeka nyimbo yodekha, yoti munthu agwetse kamsozi. Bana Chanda aimvetsera kamodzi, agwedeza mutu. "Iyi ni ya malilo. Ba Mwale sanafe, bakuyenda chabe." Aomba m'manja, woimba ng'oma walowerera, ndipo nyimbo yanga yayamba kuthamanga. Ndikuithamangira pambuyo.

Komabe ndime zitatu si zochepa. Ndipo kunena zoona, phazi langa limagunda pansi lokha.

Lachitatu

Ndapempha kuweruka msanga, ndapita ku Twapia kwa azakhali, mlongo wawo wa Atate, kuti andionereko Chinyanja changa. Kungotsimikiza chabe. Ndikudziwa kuti chili bwino.

Sichili bwino.

Azakhali avala magalasi, awerenga ndime yachiwiri, avula magalasi. "Iwe mwana, luse n'chiyani?" Ndati luse, azakhali, luse la Mulungu. "Chimenecho n'Chibemba. Kwathu timati chifundo. Nanga maka?" Mphamvu. "Nanga nsansa?" Chimwemwe. Mayo ine!

Manyazi andigwira mpaka kumapazi. Chinyanja changa ndi cha kukhitchini, chotumirana, chokalipirana, chodyera. Mawu onse a kutchalitchi ndinawaphunzira m'Chibemba, ndipo akhala m'mutu mwanga mwakachetechete ngati kwawo. Ine wofuna kupulumutsa Atate ku Chibemba, ndadzaza Chibemba m'ndime ziwiri zathunthu!

Tayesa kukonza. Luse ndi kamawu kakafupi, chifundo sichikulowa pamalo pake. Tachikankha, tachipinda, chikutulukira kunja ngati phazi pansapato ya mwana. Ndime yachiwiri yafera pomwepo pamkeka wa azakhali. Yachitatu tayipulumutsa theka, kenako azakhali anena kuti theka lotsalalo likumveka ngati chilengezo cha pawailesi. Yapitanso.

Zotsala: ndime imodzi, kolasi, kiyibodi, atsikana, chitenje, chinsinsi.

Ndawalumbiritsa azakhali kuti asauze munthu. "Ine? Ndiuze ndani?" Akunena zimenezi foni ili kale m'manja.

Andipatsa chinangwa chophika, ndadya m'minibasi. Chokoma. Ndime imodzi yabwino ikuposa zinayi zosokonekera, ndikudziuza choncho, ndipo pofika ku Chifubu ndayamba kukhulupirira.

Lachinayi

A Fidelisi aimba foni m'mawa. Akayamba ndi "Mlongo wanga wokondedwa" ndimadziwiratu kuti kwagwa kanthu.

Kiyibodi inamwa maheu. Akuti ikuyaka bwinobwino, kungoti ukangoiyatsa imayamba kuimba yokha kanyimbo kake ka kufakitale, ndipo siileka mpaka uzule waya. "Koma volyumu ili mushe, sisi." Ndiye ndiitani ine volyumu? Akuti abwera ndi chisekese.

Pulakitisi yachiwiri. Ndime yoyamba ikuyenda. Kolasi ndiye ayi.

Masopulano athu ndi amayi achikulire, ndipo "atidalitse" yawakanika. Lilime lawo likungoterereka. Ndamvetsera bwinobwino, ndamva gulu lonse likuimba ndi mtima wonse kuti, "Mulungu atitalitse!" Atitalitse! Ine ndine wamfupi, Atate ndi aafupi, banja lathu lonse likaima pamodzi limangooneka ngati anthu okhala pansi.

Ndawafotokozera tanthauzo lake. Kwaya yonse yagwa ndi phwete, woimba ng'oma mpaka wagona pang'oma yake. Bana Chanda akupukuta misozi ndi chitenje. "Ni pempelo yabwino kuli imwe, mwaice. Isiyeni."

Tabwereza. Da, da, da! Onse: da, da, da! Tiyeni pamodzi tsopano: atitalitse. Ambuye, ndigwireni dzanja.

Za chinsinsi, ndichotsepo pamndandanda. M'minibasi mayi wina amene sindimudziwa nkomwe wandigwira phewa. "Ndimwe ba composer?" Wogulitsa makala pakona wandifunira mafuno abwino. Azakhali agwira ntchito!

Atate okha ndiwo akuchita ngati sakudziwa kanthu. Tikudya, akung'ung'udza kanyimbo kofanana kwambiri ndi kolasi yanga, maso ali pakhoma. Kenako, "Kodi kwaya ikuphunzira zatsopano masiku ano?" Ndati sindikudziwa. Iwo, "Oo." Tonse awiri tikunama, ndipo tonse tikudziwa. Ndimawakonda mdala ameneyu!

Lachisanu

Tsiku loipa. Ndilembe mwachidule, mutu ukugunda.

Atsikana ovina kulibe. Onse akupita kumbindikiro wokonzekera Ulimbitso, abwera Lamulungu madzulo. Katekisiti akuti analengeza mwezi watha. Mwina analengezadi, ine zolengeza ndimamvera theka. M'malo mwawo adzipereka amayi a mphakati wathu, ndipo wotsogolera ndi azakhali, odziitana okha kuchokera ku Twapia, omwe aja amadandaula mawondo chaka chonse.

Chitenje chofanana kulibe. Ena akufuna chobiriwira, ena chabuluu, mayi wina akuti chabuluu chimamudetsa. Agwirizana chimodzi: aliyense avale chake.

Koma zonsezi n'zazing'ono.

Ndafika kupulakitisi mochedwa, ndamva kwaya ili kale pakati pa kolasi, ikuimba mokoma kuposa masiku onsewa, mawu anayi ogwirana bwino. Ndaima pakhomo kumwetulira. Kenako ndamva mawu ake.

"Mulungu atipale, popita ndi pobwera."

ATIPALE!

Bana Chanda akunyadira. Akuti aona kuti "dalise" ikuvutitsa anthu, ndiye aikapo liwu loti aliyense amalidziwa, tanthauzo ndi lomwelo. Ndati si lomwelo! Ndawafotokozera kuti kwathu timapala nsomba, timapala poto wopserera, timapala thabwa. Ndawauzanso za "Tapalidwa" wa Atate, kuti nyimbo yonseyi ndinaipekera kuthawa liwu limeneli. Ndimayesa amva chisoni.

Chisoni chake chiti? Akhala pansi pabenchi, kuseka mpaka kutsokomola. "Kanshi zaka zonse izi ba Mwale tikubapala? Ndiye chifukwa balibe tsitsi!" Atapuma anenetsa kuti liwulo silichoka. Akuti akum'mawa ndi ofunika kupalidwa ndithu asanabwerere kwawo, asapite ndi litsiro la ku Kopala.

Ndathamangira kwa a Fada kukadandaula. Ndawapeza akumwa tiyi pakhonde. Amvetsera mwaulemu, nkhope ya ntchito, mpaka ndafika pa nsomba. Tiyi watulukira m'mphuno. Akuti iwo akhala akupala mpingo wonse Lamulungu lililonse osadziwa, ndipo sakudziwa ngati adzathenso kunena mawuwo osaseka. Ndafunsa kuti nanga mulamula kuti abwezeretse? "Amayi, ine ndinati bweretsani zanu. Kwaya nayo yabweretsa zake."

Chabwino. Ine ndili ndi pakamwa panga. Lamulungu ndiima kutsogolo, pafupi ndi maikolofoni, ndipo iwo akamati atipale ine ndidzakuwa ATIDALITSE mpaka malata anjenjemere. Tione wopambana.

Loweruka

Kulongedza. Nyumba yonse makatoni, zingwe, masaka. Atate akufuna kutenga chilichonse: chisoti chawo cha mumgodi, wailesi yosalira, mpando wa miyendo itatu. Ndikatulutsa chinthu m'katoni, ndikatembenuka ndikuchipezamonso.

Masana ndawapeza pansi pa mtengo wa mapeyala ndi kabuku ka mapemphero ka Chinyanja kamene abwereka kwa azakhali. Akuphunzira mayankho a pa Misa, chala chili pamzere ngati mwana wa giredi wanu. Akuyamba bwino m'Chinyanja, pakati apo lilime likukhota lokha, akumalizira m'Chibemba. Ayambanso. Chimodzimodzi.

Andiona, atseka kabuku. "Kumudzi akandiseka, mwanawe. Mdala wa dazi, osadziwa kuyankha Misa ya kwawo." Aseka pang'ono, koma si kuseka kwawo kwa masiku onse. "Ndinayamba ndi Chilatini, sindinkamva. Ndinabwera ku Chibemba, sindinkamva, mpaka ndinamva. Tsopano ndikayambirenso."

Zandikhudza. Ndawauza kuti azolowera msanga, ndi chilankhulo chawo. Angoti, "Eya," nkutsegulanso kabuku.

Ndiye mpake kuti mawa amve Chinyanja chenicheni, chosasakaniza! Ndayamba kukonzekera nkhondo yanga. Ndaimba ndikuchapa. Ndaimba ndikusita malaya awo oyera. Ndapita kuseri kwa nyumba, ndakuwa "atidalitse" kuyeza ngati ndingapose masopulano asanu ndi Bana Chanda. Agalu a aneba ayankha. Aneba eni ake atulukira pampanda. "Amen, mayo, Amen, nomba mwana agone."

Dzuwa likulowa, pakhosi payamba kukanda. Palibe kanthu. Ndamwa mandimu ndi jinja. A Fidelisi afika ndi chisekese chawo, ndi njala.

Lamulungu

Ndadzuka mawu kulibe. Asasa, atheratu. Ndikati "mwadzuka bwanji" pakutuluka kamphepo chabe. A Fidelisi akuti aka n'koyamba nyumba ino kukhala pamtendere.

Ndavala, ndapita, ndaima kutsogolo pafupi ndi maikolofoni monga ndinanenera. Kuimirira kokha.

Tchalitchi chadzaza mpaka m'mawindo, chifukwa Chifubu yense akudziwa chinsinsi changa. Atate ali pabenchi lawo la masiku onse, malaya oyera, chipewa pabondo, nkhope ya munthu amene wakonzeka kudabwa.

Itatha Komunyo a Fada alengeza kuti a Mwale akutisiya, ndipo mphakati wawo uli ndi kanthu. Ng'oma yagunda. Chisekese cha a Fidelisi chalowa msanga, chadikira, chalowanso. Amayi atulukira kumbuyo akuvina, zitenje mitundumitundu, azakhali patsogolo, mawondo aja achira mozizwitsa. Ndime yanga imodzi ija yaimbidwa, koma nthungululu zachuluka moti sindikukhulupirira kuti pali amene wamva liwu ngakhale limodzi.

Kenako kolasi. Ndatsegula pakamwa, ndakoka mpweya, ndakankha "atidalitse" ndi mphamvu zanga zonse. Kamphepo. Ndipo pamwamba panga kwaya yonse, mawu anayi, mokoma ngati kumwamba: Mulungu atipale!

Ndayang'ana Atate ndi diso limodzi. Ayamba atsegula pakamwa. Kenako mapewa ayamba kugwedezeka. Aseka, aseka, agwira benchi lakutsogolo, ndipo ndaona kuti misozi ikutsika mpaka pakolala imene ndinasita dzulo. Aimirira. Atate anga, amene sindinawaonepo akuvina m'tchalitchi chibadwire changa, alowa pakati pa amayi aja chipewa chili m'mwamba, akuimba atipale kuposa wina aliyense. Akum'mawa onse akuseka, Abemba akufunsana kuti chikuseketsa n'chiyani, akauzidwa nawonso akuyamba. Kolasi yabwerezedwa mpaka anthu a Misa ya Chingerezi asiya kuyang'ana mawotchi, ayamba kuomba m'manja pawindo.

Pa dalitso lomaliza a Fada akweza dzanja, afika pa "Lesa," aima, aluma mlomo, ayang'ana kudenga. Amaliza movutikira. "Amen" wa Atate wamveka yekha patsogolo pa ena onse.

Panja Bana Chanda awathira pauda kumutu mpaka ayera ngati mzukwa, monga mwa chimbuya, uku akuwauza kuti akapereke moni kwa mbewa zonse za ku Katete. Atate ayankha kuti anyani a kuno atha basi, mboni yachoka. Kenako atulutsa foni yawo, apereka kwa a Fidelisi, apempha kwaya kuti iimbenso kolasi ija pomwepo pabwalo kuti aijambule.

Ndawakoka malaya, ndanong'ona ndi kamphepo kanga kuti Atate, liwu lija ndi lolakwika, ine ndinalemba atidalitse. Andigwira dzanja.

"Ndikudziwa, mwanawe. Kudalitsa akandidalitsa kumudzi, ansembe aliko. Koma wondipala ndikamupeza kuti?"

Ngakhale ndikanafuna kuwatsutsa, mawu ake ndilibe.

Ndiye ndawerengera zimene zatsala pa pulani yanga ya Lolemba. Ndime: imodzi, yosamveka. Kiyibodi: ili ku Bulangililo, ikudziimbira yokha. Atsikana, chitenje, chinsinsi: tisakambe. Liwu limene ndinapekera nyimbo yonse: silinatuluke nkomwe. Bana Chanda akuti kolasiyo ilowa m'nyimbo za masiku onse, ndiye kuti ndidzaimva mpaka ndidzakalambe, ndipo anthu azidzati anapeka ndi mwana wa a Mwale. Ndavomera. Nditani nanga?

Tafika kunyumba, Atate avula chipewa pakhomo, pauda akugwa pamapewa. "Tapalidwa!" Aseka okha monga mwa masiku onse. Lero nane ndaseka, mopanda mawu.

Panopa ndili kuseri, ndikupala nsomba zimene Bana Chanda atumiza kuti ndiwakazingire Atate za kamba wa paulendo. M'nyumba foni ikuimba kolasi ija kobwerezabwereza, iwo akumanga katoni yomaliza, mpando wa miyendo itatu uja alowetsamonso. Basi ndi ya m'mawa.

Lamulungu likudzalo ndidzabwera ku Misa ndekha, ndipo pakhomo pano sipadzakhala wovula chipewa. Ndayesa kunena ndekha kuti ndione ngati ndingathe. Tapalidwa. Patuluka kamphepo chabe, koma pofika Lamulungu mawu adzakhala atabwerera.